Tsiku la 9: kachigamba kamatuka ndi thukuta

Nchalo, Lachinayi usiku.

Magetsi azima kuyambira madzulo, ndiye ndikulemba pa foni nditakhala pakhonde, udzudzu ukundiimbira m'makutu. M'nyumba simukulowedwa. Malata apsa tsiku lonse ndipo mpaka pano akulavulabe moto. Okutobala wa kuchigwa kuno ndi wotero, tonse timamudziwa, koma sindinaganizepo kuti dzuwa lomweli lingalowerere pa nkhani yanga yosiya fodya.

Lero ndakwanitsa masiku 9 osayika ndudu pakamwa.

Ndinadzidzimuka tambala asanalire. Ndimalota ndili pa Kamuzu Bridge ku Chikwawa, ndikusuta ndudu yaitali ngati mzimbe, ng'ona zitandandalika pamchenga zikundiyang'ana. Nditadzuka ndinanunkhiza zala zanga kuti nditsimikize, mtima ukugunda ngati ndaba. Maloto oterewa ayamba chiyambireni kugona ndi kachigamba ka nikotini, ndipo kapepala ka m'bokosi kananeneratu kuti zimachitika. Mlongo wanga, amene ndi namwino ku Blantyre ndipo ndiye akundigulira tizigambati, anati akandivuta kwambiri ndizikamatula pogona. Ndinayesa Lolemba usiku. Ndinagona bwino, inde, koma Lachiwiri m'mawa ndinadzuka ndi chibaba choti ndikanatha kutafuna chitseko. Bola ng'ona zakulotozo.

Mwambo wa m'mawa tsopano ndauzolowera. Ndimasamba, n'kudikira khungu liume gwa, osadzola chilichonse, n'kusankha malo opanda ubweya amene sindinamatepo masiku apitawa. Dzulo kanali pachifuwa chakumanja ndipo kasiya chizindikiro chofiira cha makona anayi, choyabwa pang'ono. Lero ndinasankha pamkono wakumanzere, pamwamba. Ndinakanikiza ndi chikhatho ndikuwerenga mpaka 20. Kadzulo ndinakapinda pakati, mbali yomata mkati, n'kukaponya m'chimbudzi chokumba, chifukwa mumatsalabe nikotini wokwanira kudwalitsa mwana, ndipo chitsiriza wathu amatola chilichonse n'kuyika m'kamwa. Bokosi ndimalisunga pamwamba, pafupi ndi pomwe pali mtsuko, poti ndi pokhapo pozizirira m'nyumba muno.

Ndili pa kachigamba ka mphamvu ya 21 mg. Dongosolo lake ndi masabata 6 pamenepa, kenako masabata 2 pa 14 mg, n'kumalizira masabata 2 pa 7 mg. Anandiyambitsa pa kamphamvu chifukwa ndinkapitirira ndudu 10 pa tsiku. Kunena zoona zinkafika 15, ndipo kumathero a mwezi paketi yonse inkatha.

Anthu ambiri pano sakhulupirira kuti kanthu kooneka ngati pulasitala kangalowetse mankhwala m'thupi. Ine sindinavutike kukhulupirira. Ndili ndi zaka 17 ndinapita kukagwira ganyu pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Tinkathyola masamba m'mamawa mame asanaume, malaya n'kunyowa chee ndi madzi a fodyayo. Tsiku lina ndinayamba chizungulire, mutu, kusanza, mpaka ndinagona pamzere. Kapitawo anati ndi malungo. Sanali malungo. Anali nikotini wa m'masamba onyowa amene analowera pakhungu, ndipo akuluakulu amene ankasuta sizinkawagwetsa ngati ife anyamata. Mmodzi wa iwo anandiuza kuti mankhwala ake n'kuyamba kusuta kuti thupi lizolowere. Ndinamvera. Papita zaka 24, ndipo lero ndikulowetsanso nikotini pakhungu, ulendo uno mwadala.

Chibaba choyamba chinabwera ndi tiyi, monga mwa masiku onse. Kapu kudzanja lamanja, ndipo lamanzere linapita lokha m'thumba la malaya. Linapezamo nthanga za malambe. Ndimayenda nazo tsopano, ndimamung'unya imodzi imodzi mpaka ufa wowawasa uja utha. Tiyinso ndachepetsa masamba. Mlongo wanga anandifotokozera kuti utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa msanga m'magazi caffeine, mankhwala ogalamutsa a mu tiyi, ndiye ukasiya kusuta tiyi yemwe uja amakhalitsa m'thupi, manja n'kumanjenjemera iwe n'kumati ndi chibaba. Masiku oyamba ndinkamwa makapu atatu kuti ndidzitonthoze, osadziwa kuti ndikuthira palafini pamoto.

Mayi akunyumba anandiyang'ana ndikumung'unya malambe ngati mwana wa sukulu.

"Bambo, pulasitala wanu mwamata?"

"Ndamata."

"Ndione."

Ndinapinda malaya. Anakanikiza m'mbali mwake ndi chala, ngati akuyesa ngati mbatata yapsa, n'kubwerera kukhitchini osanena kanthu.

Kugaraja kwanga, kumene ndimakonza njinga zamoto za anyamata a kabaza, kunali ntchito yambiri. Ina inali ndi vuto la tcheni, ina ikungodzimira yokha ikatentha. Usiku wathawu anawotcha mzimbe kumunda kwina, ndiye phulusa lakuda linali litagwera pamipando ya njinga, ndipo mpweya unali ndi kafungo ka utsi wotsekemera. Zaka zonsezi fungo limeneli sindinkalimva kwenikweni. Mphuno zatseguka sabata ino. Ndikumva oilo wopsa, ndikumva nsomba zouma za pamsika mphepo ikatembenuka, ndikumvanso munthu wosuta ali patali mamita angapo. Mnyamata wina wa kabaza anandiweramira kuti andionetse pomwe injini ikulira, ndipo fungo la malaya ake linandibaya kawiri: koyamba linandinyansa, kachiwiri ndinalifuna. Ndiye kuti ana anga akhala akundikumbatira ndikununkha chonchi?

Cha m'ma 10 ndinakalipira mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito chifukwa cha sipanala ya 10 imene, pomaliza, inapezeka m'thumba langa lomwe. Mawu amene ndinalankhula sindiwalemba pano. Iye anangoti, "Pepani abwana," n'kupitiriza kutsuka pulagi. Mkwiyo wa masiku ano umabwera ngati kamvuluvulu wa pabwalo la mpira, kutola zinyalala zonse n'kuzimwaza, kenako zii. Ndinamugulira mafilizesi awiri a malambe. Anamvetsa.

Nkhani yeniyeni ya lero inachitika masana. Dzuwa linali pamutu, phula la msewu wa M1 likuoneka ngati madzi, ine nditagwada pansi pa njinga thukuta likuyenderera mpaka m'maso. Nditaimirira kuti ndimwe madzi ndinamva kanthu kakundikanda m'khwapa. Kupisa dzanja, kachigamba kaja! Kanali katamatuka, katadzipinda, katamatirira kunsalu ya malaya pamodzi ndi girisi. Pamkono panali pouma kale, kusonyeza kuti kanachoka kalekale, mwina maola awiri.

Mantha amene anandigwira ndi ochititsa manyazi. Mphindi imodzi m'mbuyomo ndinali bwinobwino, ndikuimba nyimbo ya kwaya. Nditangodziwa kuti ndilibe kachigamba, kukhosi kunauma, nsagwada zinalimba, ndipo maso anapita okha pa kagolosale ka tsidya la msewu kumene amagulitsa ndudu imodzi imodzi. Mwini wake amandidziwa, sakanafunsa n'komwe mtundu. Ndinatuma mnyamata uja pa njinga kuti akatenge kena kunyumba, ine n'kulembera mlongo wanga pa WhatsApp.

Anayankha ndi mawu ojambula, kumbuyo kukumveka phokoso la kuntchito. "Achimwene, musadandaule. Pukutani bwino malo ena, mumate katsopano, m'mbali mwake mutchinge ndi pulasitala wa mabala. Mawa musinthe nthawi yomwe ija ya m'mawa. Musakadule pakati kuti musunge, ndakudziwani inu. Ndipo khungu likatentha kwambiri mankhwala amatha kulowa mofulumira, ndiye mukamva chizungulire, nseru kapena mtima kuthamanga, kamatuleni mundiimbire."

Zoti ndimaganiza zodula pakati anazidziwa bwanji, kaya. Tizigambati n'todula, kamodzi kamaposa ndalama imene ndinkawononga pa ndudu tsiku lonse, ndipo kuno sindinatione m'sitolo iliyonse. Timachita kuchokera ku Blantyre pa minibasi, kutsika mapiri a Thabwa m'chikwama cha kondakitala wodziwana naye. Kutaya kamodzi chifukwa cha thukuta kunandipweteka ngati ndataya nkhuku.

Podikira mnyamatayo ndinaima pamthunzi wa nimu n'kuyang'ana nthawi pa foni. Ndinafuna ndione kuti chibabachi chitenga nthawi yaitali bwanji ndikapanda kuchidyetsa. Ndinamwa madzi ofunda a m'chigubu pang'onopang'ono, ndikuwerenga malole odutsa. Lole lachitatu linali la shuga, lachinayi la ng'ombe zopita kumtunda. Pofika lachisanu ndi chimodzi ndinapezeka ndikuganiza za mtengo wa matayala. Mphindi 7 zokha. Chinabweranso kawiri mnyamata asanafike, koma chocheperako.

Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene ndakhala ndikuchiphonya sabata yonse. Maola awiri ndinalibe kachigamba ndipo sindinamve kanthu, chifukwa nikotini wolowera pakhungu amakwera pang'onopang'ono, kwa maola, ndipo satsikanso nthawi imodzi. Wa ndudu amafika ku ubongo m'masekondi osakwana 20, n'chifukwa chake kukoka kamodzi kumamveka ngati yankho. Kachigamba kamadyetsa magazi mwakachetechete kuti ndisanjenjemere, ndisadwale mutu, ndithe kugwira sipanala. Koma chibaba chimene chimandigwira pakhosi chili ndi nthawi zake, ndipo sichifunsa ngati ndamata kapena ayi. Chimabwera ndi tiyi. Chimabwera injini imene yandivuta ikalira, pomwe kale ndinkapukuta manja n'kudzipatsa mphoto. Chimabwera ndikangosamba m'manja nditatha nsima. Chimabwera munthu akandikwiyitsa. Ndudu 15 pa tsiku kwa zaka zoposa 20, dzanja lapita kukamwa kambirimbiri, ndipo limayembekeza kupitabe. Chimenecho palibe pulasitala wake.

Nsima ya masana ndinadya mitanda inayi ndi mlamba wowamba, ine amene ndinkalekera iwiri. Lamba wayamba kudandaula.

Madzulo ndinapita ku bawo, koyamba chisiyireni. Mayi akunyumba sanafune. Koma munthu sungathawe anzako mpaka kalekale, ndipo ndinkafuna ndidziyese ndisanafike pa 14 mg. Pansi pa mtengo paja panali anthu a masiku onse. Madala ena amene akhala akusuta chingambwe kuyambira nthawi ya Kamuzu anali akupichira fodya wawo m'kapepala kong'amba mu kope la mdzukulu, kunyambita m'mphepete, kuyatsa. Utsi wake ndi wolemera, wokanda, wosiyana ndi wa ndudu za m'sitolo. Ndinasuntha n'kukhala kumene kukuchokera mphepo.

"Amisiri, tamva kuti mwavala chithumwa cha azungu," anatero mnzanga wina, onse n'kuseka.

Ndinawaonetsa, ndi pulasitala wake wa mabala wozungulira ngati ndalumidwa ndi galu. Madala aja anakayang'anitsitsa, n'kutsokomola nthawi yaitali, n'kulavula kumbali.

"Mwana wanga, ine ndasuta zaka zonsezi, ndafa?"

"Simunafe, agogo."

"Nanga dziko lino likudya chiyani? Si fodya? Mukasiya nonse, ku okushoni ku Limbe akagulitsa chiyani?"

Wina amene amakonda wailesi analowererapo kuti fodya wathu wa burley pafupifupi yense amapita kunja, ndipo boma lenilenilo linalowa mu pangano lochepetsa kusuta la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, mu 2023. Mkangano unakula, ena akuti ndi chiwembu chopha alimi, ena akuti alimiwo anafa kale ndi mitengo. Ine sindinayankhe. Sindikusiya chifukwa cha pangano. Ndikusiya chifukwa mwezi wathawu ndinalephera kukankha njinga yakufa kuchoka pamsika kufika kugaraja osapumira kawiri, ndipo mwana wanga wamkazi wa Sitandade 6 anaima n'kumandidikira.

Kenako mnzanga uja anayatsa yake, anakoka, n'kunditambasulira monga tachitira kwa zaka, osaganiza n'komwe. "Kokaniko kawiri, aise, pulasitalayo sakuonani."

Dzanja langa linanyamuka. Ndikunena zoona, linanyamuka lokha mpaka pakati. Chimene chinandipulumutsa n'chakuti munali nkhomo, inali nthawi yanga yotakata, ndipo kuti ndilandire nduduyo ndikanayenera kuziyika pansi. Ndinayang'ana nkhomozo, ndinayamba kuziponya m'maenje imodzi imodzi, ndipo ndinaponya molakwika mpaka madala aja anandidya mzere wonse wakutsogolo. Ndinati, "Ayi aise, ndadutsa." Anagwedeza mapewa n'kupatsa wina. Palibe amene anaona kuti malaya anga anyowa kumsana.

Ndinagonja magemu awiri n'kunyamuka kusanade. Panjira ndinagula mzimbe umodzi ndipo ndinafika kunyumba nditautafuna theka, nsagwada zikuwawa.

Chifuwa chayamba kutulutsa makhololo akuda m'mawa ndi madzulo. Mlongo wanga akuti ndi mapapo akusesa m'nyumba, koma chikapitirira masabata angapo kapena ndikaona magazi ndipite kuchipatala akandiyeze, poti TB nayo imayamba chonchi.

Panopa ana agona pamkeka pabwalo, m'neti imene tamangirira kumtengo wa mango. Ndapapasa pamkono, pulasitala akugwirabe ngakhale mbali imodzi yayamba kutukuka. M'bokosi mwatsala 4 m'malo mwa 5, ndiye mawa ndiyenera kuimbira kondakitala uja kuti Lolemba asaiwale. Kamawa ndikufuna kakhale kumsana, paphewa, pomwe malaya sakhuza kwambiri ndikagwada, koma dzanja langa silifikapo bwino. Ndiwapempha mayi akunyumba andimate asanapite kumjigo.