Khodi ya U0102: musathamangire kugula modulo ya 4x4

Chomwe ndatolapo pa phunziro la sabata ino ndi ichi: sikana (makina owerenga zovuta za galimoto) ikaonetsa khodi ya U0102 kapena U0114, wodandaula si modulo ya 4x4, kakompyuta kolamulira 4x4. Ndi makompyuta anzake, a injini kapena a ABS, amene akunena kuti mnzawo wasiya kuyankha. Mwina wafadi, koma kawirikawiri amakhala kuti wamanidwa magetsi kapena waya wake waduka.

Yambani ndi batire. Injini itazima lionetse cha m'ma 12.6V, ikulira 13.8V mpaka 14.4V. Batire lofooka limagwetsa magetsi poliza galimoto, makompyuta n'kusiya kumvana kwakanthawi, makhodi n'kutsala. Kenako fyuzi ya 4x4, ndipo muiyeze ndi mita, maso amanama.

Penipeni pa ntchito ndi pa mawaya awiri opotana a CAN, otchedwa CAN-H ndi CAN-L, amene makompyuta a galimoto amalankhulirana. Chotsani waya wa negetivi pa batire, dikirani mphindi zingapo, kenako ikani mita pa pini 6 ndi pini 14 za soketi ya OBD, yolumikizapo sikana, pansi pa chiwongolero. Mupeze 60 ohm, chifukwa kumapeto onse awiri a mzerewu kuli rezisita ya 120 ohm. Mukapeza 120, mbali imodzi yaduka. Mukapeza pafupi ndi 0, mawayawo akhudzana. Koma 60 yokha isakunyengeni: kanthambi kopita ku modulo ya 4x4 kakhoza kuduka mzere waukulu uli bwinobwino, choncho muyezenso pa pulagi ya moduloyo. Batire mutabwezera, kiyi ali pa ON, CAN-H imakhala pamwamba pang'ono pa 2.5V, CAN-L pansi pang'ono.

Pa pulagi yomweyo yesani magetsi ndi babu, osati mita yokha. Waya wotsala ndi kaulusi kamodzi amaonetsa 12V, koma babu siliyaka. Waya wa ethi, umene amakaniko a ku Moatize amati massa, usataye kupitirira 0.2V.

Kuno zoononga n'zodziwika. Pikapu yokatenga mbatata ku Tsangano nthawi ya dzinja imawoloka mitsinje, madzi n'kulowa m'pulagi ya mota ya pa transifa (bokosi la magiya a 4x4), mapini n'kuchita dzimbiri lobiriwira. Mabampu a misewu ya ku Furancungo amakhulitsa mawaya pa chasisi. Yogona pafupi ndi nkhokwe ku Ulongwe, makoswe amaitafuna mawaya, ndipo amasankha pobisika. Gwedezani mawaya pang'onopang'ono wina akuyang'ana mita. Nambala ikadumpha, bala lili pomwepo. Polumikiza, wotchererani ndi soda, mawayawo muwapotenso monga analili, apo ayi phokoso la magetsi lidzasokoneza uthenga.

Zonsezi zikakhala bwino sikana n'kulepherabe kulowa mu modulo ya 4x4, pamenepo modulo ndiyo yafa. Ya sekondi ikhale ya nambala yofanana, ndipo zina zimafuna kupulogalamidwa. Fufutani makhodi, yesani 4H, kenako 4L galimoto itaima, giya ili pa N.