Power supply yopsa imene timaisunga pa kauntala

Shopu yathu ili ku Limbe, kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya nsalu. Ine ndi mphwanga tinaitsegula mu 2019 kuti tizikonza malaputopu: kusintha makibodi, kuika Windows, kuchotsa mavayirasi m'mafulashi a ana a sukulu. Za magemu sitinkaziganizira n'komwe. Kuno wofuna kumenya mpira wa pa sikirini amapita pamene pali PlayStation, n'kulipira pa gemu, akatha wabwerera kwawo.

Amene anatilowetsa m'ntchito yomanga makompyuta osewerera ndi mnyamata wina wa Fomu 4 amene anabwera ndi amayi ake. Mayiwo anakhala pa benchi, n'kuika chikwama pamiyendo.

"Achimwene, mwanayu wandisowetsa mtendere. Akuti akufuna kompyuta ya sukulu. Ine ndikudziwa kuti ndi ya magemu, koma wakhoza bwino, ndiye ndinamulonjeza."

Atatchula ndalama zimene anali nazo, ine ndi mphwanga tinangoyang'anana. Sizikanagula ngakhale laputopu yabwino yogwiritsidwapo kale. Ndinamufunsa mnyamatayo kuti akufuna kusewera chiyani kwenikweni. Iye anati GTA V ndi FIFA, basi. Funso limeneli ndinangolifunsa posowa chonena, koma mpaka lero ndi limene timayamba nalo kwa kasitomala aliyense.

Pakona panali Dell OptiPlex ya m'maofesi, mwa zija zimabwera kuchokera ku UK zitagwirako ntchito, yokhala ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya i5 ya m'badwo wachinayi. Purosesayo inali yokwanira pa magemu awiriwo. Chimene chinkasowa ndi graphics card, khadi yojambula zithunzi za gemu, ndipo vuto linali lakuti power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta) ya makompyuta amenewa siifika ma watt 300, komanso ilibe chingwe chopatsira khadi magetsi. Ndiye tinafunafuna khadi ya GTX 1050 Ti yaifupi msinkhu, yolowa m'kesi yopyapyala. Khadi imeneyi imakoka magetsi osapitirira ma watt 75, ndipo imawatenga pa motherboard pomwepo, bolodi lalikulu lija limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Tinawonjezera RAM yachiwiri (RAM ndi pamene kompyuta imasunga zimene ikugwiritsa ntchito nthawi yomweyo), tinachotsa hard drive n'kuikamo SSD, chosungira zinthu chothamanga kuposa hard drive. Pamene GTA V inatseguka, galimoto n'kuyamba kuthamanga osadodoma, mnyamatayo anagwira pakamwa. Amayi ake anangoti, "Ndiye sukulu yake ndi imeneyi?"

Anzake anamva, nawonso anauza anzawo. Chaka chisanathe tinali titamanga zoterezi zingapo, ndipo ine ndinayamba kudzimva kuti ndine katswiri.

Mu 2021 makhadi anakwera mtengo dziko lonse chifukwa anthu ankawagula mwaunyinji kuti azikumbira ndalama za pa intaneti. Kenako mu Seputembala 2022 Ethereum, imodzi mwa ndalamazo, inasiya njira yokumba ndi makhadi, ndipo makhadi ogwiritsidwapo kale anasefukira pamsika. Yotchuka inali RX 580 ya 8GB, khadi ya 2017 koma yamphamvu kuposa 1050 Ti yathu ija kutalitali. Tinkaitanitsa kudzera mwa bambo wina woyenda pa basi kupita ku Joni. Chaka chomwecho n'chimene magetsi ankazimazima kwambiri, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale. Zinthu ziwirizi zinakumana m'kompyuta imodzi, ndipo amene ndinazikumanitsa ndine.

Kasitomala wake anali bambo wa pa ntchito, waulemu wake, wofuna kompyuta yoti azisewera akaweruka. Ankafuna RX 580, komanso kesi ya galasi yokhala ndi mafani oyaka mitundumitundu, monga anaonera pa YouTube. Titawerengera khadi, purosesa, motherboard, RAM ndi kesiyo, ndalama inatsala yochepa kwambiri, ndipo power supply tinali tisanagule. Mphwanga anati tiwauze bwanawo awonjezere kapena asiye kesi ya galasi. Ine ndinachita manyazi kubwerera kwa munthu amene ndinali nditamuuza kale mtengo. Ndinapita m'tauni n'kugula power supply yopanda dzina lodziwika, yolembedwa 650W ndi zilembo zikuluzikulu. Inalibe chingwe cha mapini 8 chimene khadiyo imafuna, ndiye ndinalumikiza ndi kachingwe kosinthira. Inayaka. Tinayesa gemu kwa mphindi khumi, zonse bwinobwino, bwanawo n'kunyamula.

Patatha masabata atatu anaimba foni usiku. Anati magetsi anazima akusewera, atabwerera anayatsanso kompyuta, n'kumva kuphulika pang'ono, kenako fungo. M'mawa anabwera nayo ataikulunga m'chitenje cha akazi awo. Fungo limenelo sindidzaliiwala, lokhala ngati pulasitiki yosakaniza ndi nsomba yopserera. Power supply inapsa, ndipo popita inatenga khadi ndi motherboard.

"Ndiye titani pamenepa, achimwene?" Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Tinawagulira zonse ndi ndalama zathu. Phindu la miyezi itatu linathera pomwepo, ndipo mphwanga anatha sabata akundiyankha ndi mutu wokha.

Tsiku lina madzulo mphwanga anatenga sikuludiraiva n'kutsegula power supply yopsayo. M'kati munali mbee, malo ambiri opanda kanthu, tizitsulo toziziritsa topyapyala ngati chitini cha sopo. Kenako anandisonyeza kapepala ka m'mbali, kamene ine sindinakawerenge pogula. Pa mzere wa 12V panalembedwa 22A. Mukachulukitsa 12 ndi 22 mupeza ma watt 264. Khadi ndi purosesa zonse zimadya pa mzere umenewu, ndipo RX 580 yokha imafuna pafupifupi ma watt 185. Kuwonjezera purosesa ndi mafani aja, chinthucho chinkagwira ntchito chili pakhosi tsiku lililonse. 650W ija inali ya pa chikuto chabe. Kubwerera kwa magetsi kunangomalizitsa chimene ine ndinayamba.

Kuchokera pamenepo mndandanda wathu wa zogula timaulemba mozondoka. Power supply timayamba kuichotsera ndalama zake, zotsalazo n'zimene timagawira zina. Timafuna ya kampani yodziwika, yokhala ndi chingwe chakechake cha khadi, ndipo timawerenga mzere wa 12V tisanayang'ane nambala yaikulu ija. Chizindikiro cha 80 Plus Bronze chimangonena kuti siitaya magetsi ambiri ngati kutentha, sichilonjeza kuti singapse, komabe n'chiyambi chabwino. Pa kompyuta zambiri zimene timamanga, ya ma watt 500 kapena 550 yeniyeni ndi yokwanira. Ndipo palibe kompyuta imatuluka pakhomo pathu popanda chotetezera magetsi. Amene sangakwanitse UPS, kabokosi ka batire kosunga kompyuta ili yoyaka magetsi akazima, timawauza agule kaja ka pa filiji kamene kamadikira kaye magetsi akabwerera kasanalole kuti adutse. Ena amaseka, amati kompyuta si filiji. Timawanunkhizitsa power supply ija.

Makhadi akale nawonso anatiphunzitsa zawo. Ina inabwera yolembedwa RX 580 pabokosi ndi pa fani, koma titaiyang'ana ndi pulogalamu ya GPU-Z tinapeza ma shader (tizigawo ta m'khadi tojambula zithunzi) 2048. RX 580 yeniyeni ili ndi 2304. Imeneyo ndi ija amaitcha 2048SP, imene kunena zoona ndi RX 570 yovala jekete la mkulu wake. Si khadi yoipa ayi, imasewera bwino ndithu, koma musailipire mtengo wa inzake. Masiku ano khadi iliyonse yakale timaithamangitsa pa pulogalamu yoyesera makhadi ya FurMark kwa ola lathunthu tikuyang'ana kutentha kwake, timamvetsera ngati fani ikukhuluza, ndipo nthawi zambiri timaitsegula n'kupaka thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha) yatsopano, chifukwa yakaleyo timaipeza itauma ngati dothi la mu Okutobala. Kutentha kwa miyezi imeneyo pamodzi ndi fumbi la kuno zimapha khadi imene kwina ikanakhala zaka.

Mkangano umene sutha ndi wa purosesa ya i7. Munthu amalowa n'kunena kuti, "Ine ndikufuna i7, za i5 ayi." Kumufotokozera kuti i5 ya m'badwo wa 8 imaposa i7 ya m'badwo wachitatu kumatenga nthawi, chifukwa 7 ndi wamkulu kuposa 5 ndipo nkhani yathera pomwepo. Pa magemu ambiri, khadi ndi imene imanyamula katundu wolemera. Purosesa yodula yokhala ndi khadi yofooka ndi kuwononga ndalama. Ndi bwino purosesa yapakatikati, ndalama zotsalazo zipite ku khadi.

Kwa amene ali ndi ndalama zogulira zatsopano koma zosakwana khadi, ine ndimakonda Ryzen 5 5600G pa motherboard ya B450. Purosesa imeneyi ili ndi mbali yojambula zithunzi m'kati mwake, ndiye munthu amayamba kusewera magemu opepukirapo tsiku lomwelo, n'kudzawonjezera khadi monga RX 6600 akapeza ndalama. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaphonya. Choyamba, B450 ina yakale imafuna BIOS (pulogalamu ya m'kati mwa motherboard) yatsopano kuti izindikire purosesayi, apo ayi sikirini imangokhala bii ndipo mumaganiza kuti mwagula chakufa. Chachiwiri ndi RAM. Purosesayi imabwereka RAM ya kompyuta pojambula zithunzi, choncho timitengo tiwiri ta 8GB timathamanga bwino kwambiri kuposa kamodzi ka 16GB, ngakhale nambala ili yofanana. Izi ndinazionetsa kasitomala wina maso ndi maso, kuzula kamtengo kamodzi gemu n'kuyamba kutsimphina, ndipo anasiya kutsutsa.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Tinali ndi makasitomala awiri amene tinawauza mitengo sabata yapitayo, katundu asanagulidwe. Tinakambirana nawo, wina anamvetsa, wina anatenga ndalama zake. Kuyambira pamenepo mtengo umene timapereka umakhala wa masiku ochepa, ndipo anthu ambiri anayamba kugula pang'onopang'ono: mwezi uno motherboard, mwezi wamawa RAM. Njirayi ili ndi msampha wake. Chinthu chikakhala m'bokosi miyezi inayi osayesedwa, podzazindikira kuti n'chakufa wogulitsa uja sakukudziwaninso. Ndiye timawauza azibwera nacho tsiku lomwe chafika, tichiyese pa kompyuta yathu ya pa benchi. Timalipiritsa pang'ono, ena timangowachitira.

Pa zosungira zinthu, SSD ya 256GB tinasiya kuika. FIFA ija, imene kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC, imafuna malo okwana 100GB payokha. Muikepo Windows ndi gemu ina imodzi, mwadzaza. Timayambira pa 512GB, ndipo ngati pali hard drive yakale timaisiyamo kuti izisunga mafilimu ndi magemu amene munthu sakusewera pakali pano. Kufufuta gemu n'kudzaikokanso pa intaneti ndi bandulo ya pa foni, ameneyo ndi malipiro a munthu.

Ma OptiPlex a m'badwo wachinayi amene anatiyambitsa aja tikuwasiya tsopano. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo, ngati purosesa ili ya Intel, imafuna ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, pamodzi ndi mbali yachitetezo yotchedwa TPM 2.0. Njira zozembera zilipo, koma magemu ena a pa intaneti monga Valorant amafufuza TPM imeneyi ndipo ikasowa amakana kutseguka. Panopa tikamafuna kompyuta ya mu ofesi yoti tiisandutse yosewerera, timayang'ana yokhala ndi i5-8500, n'kuikamo GTX 1650 ya mtundu wosafuna chingwe.

Za magalasi ndi magetsi amitundumitundu, ine ndi mphwanga sitinagwirizanebe. Iye amati n'zimene zimakopa anthu, ndipo sakunama: chithunzi cha kesi yowala chikaikidwa pa WhatsApp, mafoni amalira. Ine ndimaona kesi zina zagalasi kutsogolo komwe, mpweya wosowa polowera, khadi ikuphika m'kati. Tinamvana kuti iye azisankha maonekedwe, ine ndiziika dzanja kutsogolo kwa kesi kuti ndimve ngati mphepo ikudutsa. Ikapanda kudutsa, sitigula.

Bwana wa RX 580 uja anabweranso patapita chaka, ndi mlamu wake amene ankafunanso kompyuta. Ndisanayambe n'komwe kufotokoza, anatenga yekha power supply yopsa ija pa kauntala, n'kutenganso yatsopano pa shelefu, n'kumupatsa mlamuyo imodzi dzanja ili, ina dzanja ilo.

"Alamu, tanyamulani. Mwamva kusiyana kwake? Yopepukayi inali yanga."

Mnyamata wa Fomu 4 uja ali ku koleji tsopano. Mwezi watha anabweretsa OptiPlex yake kuti yayamba kulira ngati chigayo. Titatsegula tinapeza fumbi lochindikala ngati bulangeti pa fani ya 1050 Ti, ndi nalimata wouma pansi pa motherboard. Tinapopera mphepo, tinapaka paste, tinamuuza za Windows 10. Anati adzaganiza akayamba ntchito. Anainyamula m'khwapa n'kupita kukakwera minibasi ya ku Ndirande.