Lachitatu: Kuyeza Mphamvu ya Minofu Yopumira mwa Ana Athanzi

Lero tinathera tsiku lonse tikuyeza ana amene sakudwala chilichonse, ndipo mayi wina amene anabweretsa mwana wake anandifunsa mosabisa mawu kuti, "Adokotala, ngati mwanayu ali bwino, mukumuyezeranji?" Ndinawayankha kuti sitingadziwe kuti minofu ya mwana wodwala yafooka ngati sitikudziwa mphamvu imene anzake athanzi a msinkhu wake amakhala nayo. Matenda ofooketsa minofu, monga a Duchenne amene amagwira kwambiri anyamata, amafika pa minofu yopumira pang'onopang'ono, ndipo mwana akayamba kulephera kutsokomola mwamphamvu, makhololo amatsalira m'mapapo mpaka chibayo chimapeza danga. Manambala a ana athanzi ndiwo muyeso umene timaonera ngati kufookako kwayamba.

Chimene timayeza si kukula kwa mapapo koma mphamvu ya minofu imene imawayendetsa: mnofu waukulu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, wotchedwa diaphragm, minofu ya pakati pa nthiti, ndiponso ya pamimba imene imagwira ntchito kwambiri munthu akamatulutsa mpweya mokakamiza. Mwana amakhala pampando, timamupana mphuno, ndipo amaluma kachubu kolumikizidwa ku makina. Poyeza mphamvu yokoka mpweya, imene timaitcha MIP, amayamba watulutsa mpweya wonse, kenako amakoka ndi mphamvu zake zonse pamene njira ya mpweya yatsekedwa. Poyeza yotulutsa, MEP, amadzaza kaye mapapo n'kuuzira. Makina amawerenga m'masentimita a madzi, umene ndi muyeso wa mphamvu ya kukoka kapena kukankha kwa mpweya, ndipo mwanayo ayenera kulimbikira kwa sekondi imodzi ndi theka. Njirayi inatchuka ndi ntchito ya ofufuza Black ndi Hyatt ya mu 1969 pa anthu akuluakulu, ndipo mabungwe a akatswiri a matenda a m'mapapo, American Thoracic Society ndi European Respiratory Society, anagwirizana za kachitidwe kake mu 2002.

Papepala zonsezi zimaoneka zosavuta. Vuto lake n'lakuti makinawa amalemba zimene mwana wachita, osati zimene angathe kuchita. M'mawa ndinali ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kamene poyamba kanaonetsa nambala yotsika kwambiri moti, ikanakhala yoona, kakanafunika kuonedwa ndi katswiri tsiku lomwelo. Koma kanali kakungoopa chopanira mphuno, komanso sikanamvetse chifukwa chimene tikukauzira kuti kakoke mpweya pamene mpweyawo sukubwera. Nditakafotokozera kuti kachite ngati kakuyamwa phala lolimba ndi kaphesi kopyapyala, kanaseka, kanayesanso, ndipo nambala inakwera ulendo uliwonse mpaka inakhazikika. N'chifukwa chake sitikhulupirira kuyesa koyamba. Timabwereza mpaka titapeza zotsatira zitatu zoyandikana, kenako timatenga yapamwamba. Ineyo ndimaona kuti woyeza wamanyazi, amene sangakweze mawu n'kumachemerera kuti "Koka! Kokabe! Usasiye!", amapeza ana ofooka ambiri kuposa amene alipodi.

Palinso chinyengo cha mbali ina, chimene anyamata achangu amachita osadziwa. Pouzira amafufumitsa masaya n'kukankha ndi minofu ya m'kamwa, ndipo makina amaonetsa mphamvu imene sinachokere m'chifuwa. Kachubuko kali ndi kabowo ka mamilimita pafupifupi 2 kotayitsa mpweya pang'ono pofuna kuthana ndi zimenezi, komabe mnzanga ankawagwira masaya ndi manja ake. Amene agweruka mano akutsogolo nawonso anativutitsa, chifukwa mpweya unkathawira m'mbali mwa milomo.

Masana tinayesa ana aang'ono kwambiri ndi njira ya SNIP, imene timatseka mphuno imodzi ndi kachotsekera kolumikizidwa ku makina, mwana n'kukoka mpweya msanga ndi inayo ngati akununkhiza. Ngakhale a zaka zinayi amaigwira mosavuta, popeza kununkhiza safunika kuphunzitsidwa. Mnyamata wina tinamubweza kuti adzabwerenso tsiku lina chifukwa anali ndi chimfine, ndipo mphuno yotsekeka imatsitsa nambala ngakhale minofu ili yamphamvu.

Madzulo, polemba zotsatira pamodzi ndi zaka, kutalika ndi kulemera kwa mwana aliyense, ndinaona zimene zimadziwika kale: mphamvu imakwera ndi msinkhu, ndipo anyamata amaposa atsikana, makamaka akatha msinkhu. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kusiyana kwakukulu pakati pa ana a zaka zofanana amene onse ndi athanzi, moti nambala yapamwamba imatitsimikizira kuti minofu ili bwino, pamene yotsika payokha siitsimikizira matenda. Mafayilo a ana amene zotsatira zawo sizinayandikane ndawaika pambali, ndipo makolo awo tiwapempha kuti adzabwere nawonso sabata yamawa.