Webusaiti yanga ya za kudimba yayamba kupepuka: pomwe ndafika

Ntchito yopeputsa webusaiti yanga kuti izitseguka msanga ndaifikitsa pakati, ndiye ndati ndilembe pomwe ndafika zisanasokonekere m'mutu. Kwa amene mwangoyamba kumene kunditsatira, iyi ndi webusaiti yaing'ono ya WordPress (pulogalamu yopangira mawebusaiti) yomwe ndimalembapo za kadimba kanga: kufesa tomato, kuwokera repu, kuthirira anyezi, ndi matenda omwe ndimakumana nawo, zonse m'Chichewa. Ndimaigwira madzulo ndikaweruka komanso Loweruka.

Anandidzidzimutsa ndi mlamu wanga wa ku Dedza. Ndinamutumizira linki ya peji ya chiwawu cha tomato pa WhatsApp, iye n'kundiyankha kuti, "Alamu, chinthu chanu chija chikungozungulira, ndachitseka chisanandithere bandulo." Munthu ameneyu ndi amene ndimamulembera. Tomato ali naye m'dimba, chiwawu chamulowera, yankho lili papeji yanga, koma sanaliwerenge.

Ndinayambira pa zithunzi, ndipo mpaka pano ndipo pamene ndathera nthawi yambiri. Chithunzi chochokera m'foni chimalemera ma MB atatu kapena anayi, m'lifupi mwake muli mapikiselo 4000, pomwe sikirini ya foni sifuna ngakhale theka lake. Peji ya chiwawu inali ndi zithunzi zoterozo zingapo. Tsopano chilichonse ndimachidutsitsa pa Squoosh, kachipangizo kaulere kogwirira ntchito mu bulawuza, ndimachichepetsa kufika pa mapikiselo 1200 n'kuchisunga ngati WebP, mtundu wa fayilo ya zithunzi yopepuka. WordPress inayamba kulandira WebP mu 2021, choncho palibe chovuta pochikweza. Zambiri zikumatsika kufika pa ma KB zana ndi kakuti.

Koma apa pali pofunika maso. Squoosh imakuonetsa chithunzi chogawika pakati, kumanzere chakale, kumanja chofinyidwa, ndipo umakoka kamzere uku ndi uku kuti uyerekeze. Chithunzi cha bedi la anyezi ndingachifinye momwe ndingafunire, palibe chimatayika. Cha tsamba la tomato lomwe lagwidwa ndi kangaude wofiira n'china. Nditachifinya kwambiri, timadontho tachikasu tija tinasungunuka n'kusanduka banga limodzi, ndipo ulusi wopyapyala wa kunsi kwa tsamba unazimiririka. Mlimi akaona chithunzi chotero angayese ndi kusowa kwa fetereza, akawononga ndalama pa chinthu cholakwika. Zithunzi za matenda ndazisiya zolemerako dala. M'malo mwake ndimadula mbali zonse zosafunika, dothi, mpanda, chala changa, kuti ma KB omwe atsalawo agwire ntchito pa tsamba lodwalalo.

Ambiri mwakhala mukundifunsa ngati zimenezi zimakweza peji pa Google. A Google ananena mu 2010 kuti liwiro la webusaiti ayamba kuliwerengera posanja zotsatira pa kompyuta, ndipo mu Julaye 2018 anachita chimodzimodzi pa mafoni, koma ananeneratu kuti okhudzidwa ndi mapeji ochedwetsetsa okha. Mu 2020 analengeza miyeso itatu yotchedwa Core Web Vitals, yomwe inayamba kulowa m'kasanjidwe pakati pa 2021. Woyamba, LCP, umayesa nthawi yomwe chinthu chachikulu papeji, kawirikawiri chithunzi chapamwamba, chimatenga kuti chioneke: masekondi 2.5 kapena kucheperapo ndi bwino, kupitirira 4 ndi koipa. Wachiwiri, INP, unalowa m'malo mwa muyeso wakale wotchedwa FID mu Malichi 2024, ndipo umayesa kuchedwa kwa peji kuyankha ukadina batani. Malire abwino ndi mamilisekondi 200. Wachitatu, CLS, umayesa kudumphadumpha kwa zinthu peji ikamatseguka, ndipo usapitirire 0.1. Peji imayesedwa yabwino ngati maulendo atatu mwa anayi alionse a alendo akukwanitsa malirewo.

Chomwe chinandikhazika mtima pansi ndi ichi. Ukaika adiresi ya peji yako pa PageSpeed Insights, chipangizo cha Google choyesera liwiro la peji, zotsatira zimabwera magawo awiri. Pamwamba pamakhala ziwerengero za anthu enieni ogwiritsa ntchito Chrome, zosonkhanitsidwa m'masiku 28 apitawo. Pansi pamakhala mayeso a Lighthouse, omwe amangoyerekeza foni yapakatikati pa netiweki yochedwa n'kukupatsa malikisi kuyambira 0 mpaka 100, ofiira, achikasu kapena obiriwira kuyambira pa 90. Malikisi apansiwa, omwe aliyense amathamangira kujambula n'kuonetsa anzake, si amene Google imagwiritsa ntchito posanja. Imayang'ana za anthu enieni zija. Kwanga gawo lapamwambalo limangoti palibe deta yokwanira, chifukwa alendo anga ndi ochepa. Choncho kuthamangitsa 100 ndakusiya. Lighthouse ndimaigwiritsa ntchito ngati ndandanda yondiuza chomwe chikulemera, basi.

Ndipo a Google enieniwo amanena poyera kuti chofunika choyamba ndi chakuti peji iyankhe zomwe munthu akufuna. Yochedwa koma yoyankha bwino ikhoza kukhala pamwamba pa yothamanga yopanda kanthu. Liwiro limathandiza kwambiri pamene mapeji ambiri akupikisana ndi nkhani zofanana. Nanga ndi angati akulemba za chiwawu cha tomato m'Chichewa? Ndikayang'ana mu Search Console, momwe Google imakuonetsa malo a mapeji ako pa zotsatira, malo a mapeji omwe ndangowapeputsa sanasunthe kwenikweni. Yomwe yakwera moonekera ndi peji imodzi yomwe ndinailembanso nditaona mawu omwe anthu amalemba posaka. Mutu wake unali wa dzina la matendawo, pomwe anthu amalemba monga amalankhulira, "masamba a tomato akupsa" kapena "tomato akuwola kunsi". Nditaika mawu amenewo pamutu ndi m'ndime yoyamba, n'kuyankha funsolo pomwepo osayamba ndi malonje, peji inayamba kupezeka.

Ndiye ena anganene kuti ntchito yonse ya zithunzi ija inali yachabe. Ine ndikukana. Google imangomufikitsa munthu pakhomo. Akadina, peji n'kukhala yoyera kwa masekondi khumi ali pamalo pomwe netiweki imabwera n'kumapita, amabwerera m'mbuyo, ndipo kukhala nambala wani kuja sikunamupindulire iye kapena ine. Kuno ma MB ndi ndalama zomwe munthu wazichotsa pa ndiwo. Peji ya ma MB 15 ndi ya KB 700 zimasiyana ndi kuwirikiza koposa ka 20, ndipo amalipira kusiyanako ndi wowerenga.

Zina ndinazimaliza msanga. Kachikwangwani kodzidzimukira pakati pa sikirini kopempha anthu kuti alembetse ndinakachotsa. A Google anayamba kutsitsa mapeji otchinga nkhani moteremu pa mafoni mu Januwale 2017, komanso pafoni yaing'ono ka X kotsekera sikadinika. Silaida ya zithunzi zosinthana pamwamba pa peji yoyamba inapitanso, pamodzi ndi mapulagini (timapulogalamu towonjezera pa WordPress) omwe sindinkawagwiritsa ntchito. Mabatani ayamba kuyankha msanga ngakhale pa kafoni kakale komwe ndimayesera, ndipo kamenekako ndimakakhulupirira kuposa laputopu.

Kudumpha kwa peji kunali kosautsa kuposa momwe nambala ya CLS imaonetsera. Ukuwerenga ndime ya mlingo wa mankhwala, chithunzi chapamwamba n'kutulukira mochedwa, mawu onse n'kukankhidwira pansi, wataya pomwe unali. Kukonza kwake n'kosavuta: chithunzi chilichonse chizikhala ndi width ndi height, kutanthauza m'lifupi ndi msinkhu wake, zolembedwa mu HTML, khodi ya pejiyo, kuti bulawuza isungiretu malo ake chisanafike. Ndinaonetsetsanso kuti chithunzi choyamba chisakhale pa lazy loading. Njirayi, yomwe WordPress imaiyatsa yokha kuyambira 2020, ndi yabwino pa zithunzi zapansi chifukwa zimadikira mpaka munthu atsikireko, koma chapamwamba chiyenera kubwera nthawi yomweyo.

Pali kanthu kena komwe sindinakayembekezere. Ndinkagwiritsa ntchito zilembo za Google Fonts, ndipo nditatsegula gawo la Network mu Chrome, lomwe limaonetsa mafayilo onse omwe peji ikutsitsa, ndinaona mafayilo awiri a zilembo zomwezo akutsitsidwa pa mapeji ena. Chifukwa chake ndi ŵ. Chilembochi sichili m'gulu la zilembo wamba za Chilatini, chili m'gulu lowonjezera, ndiye peji iliyonse yomwe ndinalemba Malaŵi imakoka fayilo yachiwiri. Sindinafune kusiya chilembo chathu chifukwa cha ma KB. Ndachotsa zilembo zakunjazo n'kusiya kuti foni iliyonse igwiritse ntchito zake zomwe ili nazo kale. Peji yasintha maonekedwe pang'ono, ŵ akuoneka bwinobwino, ndipo mawu akumatulukira nthawi yomweyo.

Chatsala ndi seva, kompyuta yomwe imasunga webusaitiyi. Yanga ili ku Ulaya, ndipo dziko lathu lilibe gombe, choncho munthu wa ku Dedza akadina, pempho lake limayenda pa nthambo kudutsa Tanzania kapena Mozambique, n'kulowa m'nthambo za pansi pa nyanja, kukafika kumeneko n'kubwereranso. Ulendo umenewu umachitika kangapo peji isanayambe n'komwe kuoneka, ndipo kufinya zithunzi sikuufupikitsa. Pulagini ya cache ndaika kale, kuti seva isamamange peji mwatsopano mlendo aliyense akabwera, ndipo yathandiza. Loweruka likubwerali ndikufuna kuyesa Cloudflare yaulere, yomwe imasunga makope a mafayilo pa maseva apafupi monga a ku Johannesburg. Ndiyesa peji ya chiwawu ndi ya nazale ndisanasinthe kanthu, pa kafoni kakale kaja komanso pa deta osati Wi-Fi, m'mawa ndi madzulo netiweki ikadzaza, kenako ndidzabwereze nditasintha. Amene muli ndi mawebusaiti omwe alendo ake ambiri ali ku Malawi kuno kapena ku Chipata ndipo munayesapo kale njirayi, ndiuzeni ngati munaona kusiyana pa nthawi yomwe seva imatenga kuyankha koyamba.