Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Ndinkati ndi mudzi

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitalo, makamaka mayi aja a ku Mzuzu amene anati tinayamba ma ARV chaka chimodzi. Zaka zosamalira okalamba ku Leeds, ku UK, ndizilumpha. Inali ntchito ndi kuzizira basi.

Chimene chinanditengera kuchipatala ndi kuyabwa kotulukira chimbudzi, ndi timagazi pa tishu. Ine ndinkati ndi matenda a mudzi. Dokotala analowetsa kachubu, napaka viniga, n'kuyang'ana pa makina okuza zinthu. Amene munayezetsako khansa ya khomo la chiberekero kwathu mukudziwa: pamene pali vuto pamayera. Anadulapo kanyama kokapima. Zotsatira zinati HSIL. Si khansa, koma khungu losinthika chifukwa cha kachilombo kotchedwa HPV, kawirikawiri mtundu 16, ndipo likalekereredwa nthawi zina limadzasanduka khansa. Ife a kachilombo ka HIV ndiye chiopsezo n'chachikulu.

Alamu anga aja a pamaliro, atangoimva, anafalitsa zoti ndi malipiro a makhalidwe a ku UK. Alamu, HPV imafala pokhudzana khungu, ndipo imatha kuchoka kutsogolo kufika kumbuyo popanda zimene mukuganizazo. Kafunseni achimwene anu.

Achemwali ankakakamira pafoni kuti angodula zonse zithe. Dokotala wa opaleshoni anakana. Akadula mozungulira malo aakulu, chipsera chimafinya njira, chimbudzi n'kumavuta moyo wonse. Choncho amadula kachigamba kakunja kokhako, zamkati amaotcha ndi kachitsulo ka magetsi. Palinso mafuta opaka a imiquimod, koma ndi a miyezi ndipo amawawa. Ndinafunsa ngati kuzunzikaku kuli ndi phindu. Anandiuza za kafukufuku wa ANCHOR ku America, wotuluka mu 2022: mwa anthu a HIV oposa 4,000, kuchiza kunachepetsa khansayi ndi 57 peresenti poyerekeza ndi kungoyang'anira. Ndinasaina.

Opaleshoniyo sindinaimve, anandigonetsa. Ululu unayamba mankhwala a dzanzi atatha. Ulendo woyamba wa kuchimbudzi ndinagwira sinki ndi manja awiri, thaulo ndaluma kuti ogona nawo nyumba asamve. Ngati kutulutsa magalasi osweka. Thukuta, miyendo kunjenjemera, kenako kukhala m'beseni la madzi ofunda mpaka atazizira, ndikulira mayi anga amene anagona kalekale. Ndinayamba kuopa chakudya. Nsima ndinkangoiyang'ana. Namwino anachita kundikalipira kuti kusadya kumaumitsa m'mimba, ndimwe mankhwala ofewetsa chimbudzi ndi madzi ambiri. Kuntchito ndinati ndi msana, ndipo sindipepesa, popeza a kwathu amene ndinkagwira nawo akanaifikitsa ku Ndirande dzuwa lisanalowe.

Chilonda chinapola patapita masabata angapo. Anandichenjeza kuti zimakonda kubwerera, ndizikapimidwa miyezi 6 iliyonse. Zinabwereradi, pa nthawi yomwe bambo a ana anatulukira ndi nkhani ya nyumba ija. Imeneyo ndi ya gawo 15.