Zikomo nonse amene mwandigwira mkono zaka 10 izi

Lero m'mawa ndikutsegula chitseko cha ofesi ndakumbukira kuti ndakwanitsa zaka 10 chilowereni ntchito ya za kadyedwe m'boma. Ndakhala pansi kanthawi ndithu osayatsa kompyuta. Pali anthu ambiri amene sindinawathokozepo ndi pakamwa panga, ena sadziwa n'komwe kuti anandiphunzitsa kanthu, ndiye ndati ndilembe pano kuti amene awerenge akauzeko anzawo.

Ndinayamba mu 2015 pa chipatala china kuchigwa cha Shire, madzi osefukira a mu January chaka chimenecho atangophwa kumene. Chaka chotsatira kunagwa chilala, anthu oposa 6 miliyoni m'dziko muno n'kumafunika thandizo la chakudya, ndipo wodi ya ana onyentchera, ija timati NRU, inadzaza mpaka amayi ena kumagona pansi. Digiri yochokera ku Bunda ndinali nayo, koma manja ankanjenjemera. Woyamba kumuthokoza ndi namwino wina wachikulire amene anandipeza usiku nditaima pabedi la kamwana kotupikana miyendo ndi nkhope, mayi ake akundichonderera kuti ndikapatse phala lambiri kakhute. Anandikokera pambali nati, "Mwanawe, mwana wotupa sitimuthamangitsa. Mtima wake ndi wotopa. Mkaka wa F-75 pang'onopang'ono, maola awiri alionse, usiku ndi usana, ndipo umufunditse asazizidwe." Zonsezi ndinali nditaziwerenga m'mabuku, koma usiku umenewo ndi pamene zinakhazikika mumtima. Patapita masiku kutupa kunaphwa, kamwanako kanayamba kunyambita chiponde, ndipo tsiku lina m'mawa ndinakapeza kakukoka ndolo za mayi ake. Amayi, ndikudziwa kuti munapuma pantchito ndipo za Facebook si zanu, koma mdzukulu wanu akuwerengerani mawu awa. Ambuye akusungeni.

Zikomo kwa aphunzitsi anga a ku LUANAR ndi madokotala amene anatilandira m'mawodi a Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth pamene ndinabwerera kusukulu kukaphunzira za dietitian, ntchito yolangiza odwala za kadyedwe. Kale wofuna ntchito imeneyi ankayenera kuwoloka malire. Inu munalimbikira kuti tiphunzire konkuno, pa odwala athu ndi zakudya zathu, kuti munthu wa matenda a shuga kapena a impso tikambe naye za nsima, mbatata ndi nthochi zimene ali nazo kunyumba.

Kenako ndinasamukira ku Lilongwe, ku ntchito yolemba ndondomeko ndi malangizo a kadyedwe. Kuno kulibe mwana woti umuyeze mkono. Kuli misonkhano ndi anzathu a zaulimi, a zamaphunziro, a Malawi Bureau of Standards ndi mabungwe, kukangana pa chiganizo chimodzi tsiku lonse, chifukwa chiganizocho chikasindikizidwa chimakawerengedwa pa sikelo iliyonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Kafukufuku wa 2010 anapeza kuti ana 47 pa 100 alionse osaposa zaka 5 anali okwinimbira. Wa 2015 ndi 2016 anapeza 37. Kutsika kumeneko sikunagwe kumwamba. Dziko lathu linalowa mu Scaling Up Nutrition, mgwirizano wa mayiko wolimbana ndi kunyentchera, mu 2011, uthenga wa masiku 1000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka 2, unayamba kumveka m'midzi, ndipo amene anaunyamula pamutu ndi alangizi a zaumoyo ndi amayi a ma care group ogwira ntchito mongodzipereka. Akuluakulu anga amene munayala maziko amenewa ine ndisanabwere, ndi inu amene munkandibwezera pepala katatu kanayi litadzaza inki yofiira, zikomo. Nthawi imeneyo zinkandiwawa, pano ndimaona kuti munkandiwongola.

Koma mphunzitsi amene anasintha kalembedwe kanga ndi agogo ena a m'mudzi wina ku Dedza. Unali mwezi wa February, nthawi imene nkhokwe zimakhala zopanda kanthu ndipo chimanga cham'munda chikungomasula ngaiyaye. Tinapita kukayesa mauthenga atsopano pagulu la amayi pansi pa mtengo wa mango. Ndinatambasula chithunzi chathu chokongola cha magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Pachithunzipo panali nkhuku yootcha, botolo la mafuta ndi kapu ya mkaka. Agogowo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anakonza chitenje nati, "Mwana wanga, zimene wanenazi n'zabwino. Koma nkhuku iyo kuno imadyedwa kukabwera mlendo. Tandiuza chimene ndimuike mdzukulu wanga m'phala mawa m'mawa." Ndinasowa choyankha. Iwo eni anadzuka, nalowa m'nyumba, natuluka ndi lichero. Munali kachikwatu ka mfutso wa nkhwani, nsinjiro pang'ono m'kapepala, usipa wouma wokwana dzanja limodzi, ndi bonongwe amene anathyola m'mawa womwewo. Anasinja usipawo mu kamtondo ife tikuona, nauthira m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro. Pomwepo magulu atatu anali atakwana kale, ndipo bonongwe wa pankhomaliro anali wachinayi.

Chichokereni tsiku limenelo, ndikamalemba uthenga uliwonse ndimayamba ndadzifunsa ngati ungagwire ntchito mu February, m'nyumba yopanda ndalama. Ndakhala ndikuumirira m'misonkhano kuti pazithunzi zathu pazikhala ngumbi, mbewa, matemba, chisoso, therere, malambe ndi masuku, ndipo ena ankaona ngati ndikuchedwetsa ntchito. Ine ndimakhulupirira kuti mayi akaona chakudya chake pachithunzi cha boma amadziwa kuti uthengawo ndi wake. Agogo, mwina simudzaona zimenezi, koma lichero lanu lija ndimayenda nalo m'mutu.

Ntchitoyi ili ndi zovuta zake zomwe anthu saziona. Kuyambira 2012 shuga wa m'dziko muno amaikidwa Vitamin A, ndipo mchere wathu umayenera kukhala ndi ayodini kuti tipewe chithokomiro komanso ubongo wa mwana ukule bwino. Ndi zinthu zabwino zimenezo. Komabe ine yemweyo ndimayenera kuuza anthu kuti achepetse shuga mu tiyi, ndiponso kuti mchere usapitirire supuni yaing'ono imodzi patsiku, chifukwa matenda a BP ndi a shuga afika mpaka kumudzi. Kulemba mawu oti zonsezi zimveke popanda kusokoneza munthu kumadya tulo. Anzanga a mu ofesi amene timatsalira limodzi mpaka mdima tikulimbana ndi ziganizo zotere, mukudzidziwa nokha, zikomo.

Nthawi yowawitsa pa zaka zonsezi inali March 2023, namondwe wa Freddy atasakaza m'chigawo cha kum'mwera n'kutenga miyoyo ya anthu oposa 1,000. Ndinatumizidwa ku Phalombe kukathandiza kuyeza ana m'misasa. Pasukulu ina imene anthu anathawirako ndinapeza mlangizi wa zaumoyo atapachika sikelo pa nthambi ya mtengo, kalamba koyezera mkono kali m'khosi, buku la kalembera atalikulunga m'jumbo kuti lisanyowe. Ankayeza mwana aliyense modekha: akagwera pofiira, pansi pa masentimita 11.5, ankamulemba pambali kuti alandire chiponde tsiku lomwelo. Dzuwa litapendeka ndi pamene mayi wina anandinong'oneza kuti nyumba ya mlangiziyo inapita ndi matope, ndipo akugona m'kalasi momwemo ndi ana ake. Malaya amene anavala anali opatsidwa. Sanandiuze yekha, ndipo nditamufunsa anangoti, "Madam, anawa akapanda kuyezedwa lero tiwataya." Achimwene, ndakhala m'misonkhano yambiri m'mahotela a kunyanja, koma palibe pamene ndinamvetsa ntchito yanga ngati tsiku lija. Pena paliponse pamene ndili ndi mpata wolankhula za alangizi a zaumoyo, za njinga zawo ndi zipangizo zawo, ndimalankhula ndikukumbukira inu.

Nditabwerako kumeneko ndinadwala. Tulo tinasowa, chakudya chinkakanika kutsika, ndipo mvula ikangoyamba kugunda malata mtima unkathamanga. Apa ndiye ndithokoze a kwathu. Bambo a kunyumba, munasamalira ana miyezi iwiri yathunthu, kuwasambitsa, kuwaperekeza kusukulu, osadandaula ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndinu amene munandikakamiza kukaonana ndi aphungu a zamaganizo pamene ine ndinkati zitha zokha. Amayi anga munakwera minibasi kuchokera ku Ntcheu ndi thumba la mbatata yofiira mkati ndi nkhuku yamoyo m'manja, n'kukhala nafe mpaka nditayamba kudya. Amayi a Mvano a kumpingo kwathu munkabwera Lachinayi lililonse kudzayimba pakhonde. Achemwali anga munkandiimbira foni usiku uliwonse kuchokera ku Johannesburg ngakhale mutatopa ndi ntchito. Sindingathe kubweza.

Chaka cha 2024 chilala chinabweranso, maboma 23 mwa 28 n'kulengezedwa kuti ali pangozi, ndipo ndinatha kubwerera kumidzi ndili wamphamvu chifukwa cha inu nonse. Madalaivala amene mwandiwolotsa mitsinje yodzaza, alembi amene mumasunga mafayilo athu, ndi ophunzira achichepere amene mumabwera kudzaphunzira ntchito ndi mafunso ondichititsa kutsegulanso mabuku, nanunso landirani zikomo wanga.

Loweruka lino ndikupita ku Ntcheu kukaona amayi. Andiuza kuti afutsa kale nkhwani ndi khwanya, ndipo akufuna adzukulu awo akaphunzire kumanga chikwatu ndi masamba a msuku.