Kufunafuna malo osambira ku Zomba, kuchokera ku Mulunguzi mpaka ku Kachulu

Munthu amene akukonzekera kusambira mtunda wautali panyanja sakhutira ndi dziwe la simenti, chifukwa m'dziwe mulibe mafunde, mulibe mphepo, ndipo khoma logwirira limakhala pafupi nthawi zonse. Ichi ndicho chinandinyamutsa ulendo wa ku Zomba, boma lomwe lili ndi madzi kuphiri ndi kuchigwa komwe, kuti ndikaone kumene wosambira angalowe m'madzi popanda kuphwanya lamulo.

Ndinayambira paphiri la Zomba, padamu la Mulunguzi. Aliyense wodziwa kusambira akaona madzi amenewo, odekha, ozizira ndi otambalala pakati pa mitengo ya paini, mtima umamukoka kuti avule nsapato. Komatu damuli ndilo limamwetsa mzinda wonse wa Zomba kudzera ku Southern Region Water Board, ndipo lili m'nkhalango yotetezedwa ya Zomba-Malosa yomwe imayang'aniridwa ndi nthambi ya zankhalango. Bambo wina wachikulire amene ndinamupeza m'mbali mwa damulo anandiyankha mwaulemu kuti, "Achimwene, madzi awa ndi omwe akumwa ana kumunsiku, ndiye kuona onani, koma zolowamo mukafunse kwa eni ake." Sindinatsutse, pakuti madzi akumwa ayenera kulemekezedwa kuposa chikhumbo changa. Pamathithi a Williams pali timaiwe toti munthu n'kudziziziritsa, koma ndi tating'ono kwambiri moti sungaphunzirepo kusambira mtunda.

Lamulo la zamadzi la 2013 limanena kuti madzi onse a m'dziko muno ali m'manja mwa boma, ndipo ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti mtsinje kapena nyanja iliyonse ndi ya aliyense. Chimene ulendowu unandionetsa ndi chakuti madzi angakhale a tonse, koma njira yofikira pamadziwo imadutsa pamalo a wina: m'nkhalango ya boma, pamunda wa munthu, kapena padoko lomwe lili pansi pa mfumu.

Mawa lake ndinatsikira ku Kachulu, doko la panyanja ya Chilwa kumene amakwerera maboti opita kuchilumba cha Chisi. Kumeneko kulibe mpanda kapena chikwangwani choletsa, koma kuli dongosolo lake. Ndinayamba ndakaonekera kwa amfumu, kenaka kwa akomiti ya padoko, imodzi mwa makomiti omwe amagwira ntchito ndi nthambi ya zausodzi motsatira lamulo la 1997. Anandilandira bwino, ndipo palibe amene anati kusambira n'koletsedwa. Anangonditengera kumadzi kuti ndikadzionere ndekha.

Madzi a Chilwa ndi amatope, moti nditamiza dzanja mpaka m'chigongono zala sizinaonekenso, ndipo phazi linatitimira m'thope lofewa ndisanayende n'komwe. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo inaphwapo mu 1995, kenaka gawo lake lalikulu linaphwanso mu 2018. M'mphepete mwake mwadzaza njedza, ndipo m'malo otero ndimo mumaswana nkhono zofalitsa likodzo. Asodzi anandikumbutsanso za maukonde otcheredwa pansi pamadzi omwe angakole mwendo wa wosambira, komanso za kolera yemwe wakhala akuvutitsa anthu okhala m'zimbowera, timisasa toyandama ta pakati panyanja. Kuyambira 1997 nyanjayi ili pamndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar chifukwa cha mbalame zake, ndipo mabanja ambirimbiri amadalira matemba ndi milamba yake. Wosambira kumeneko ndi mlendo pamunda wa ena.

Chimandipweteka mtima ndi chakuti kumene madzi ali oyera, pali chifukwa chomveka chowatetezera, ndipo kumene palibe wokuletsa, madziwo ndi oopsa pathanzi. Ngakhale mtsinje wa Likangala umene umadutsa mumzinda umanyamula zinyalala zambiri, pamene Shire wa ku Liwonde ndi wa ng'ona ndi mvuu. Zotsatira zake n'zakuti mnyamata kapena mtsikana wa ku Zomba wofuna kuphunzira masewerawa ayenera kupeza ndalama yopitira ku Mangochi, kapena kulowa m'madzi mobisala popanda womuyang'anira. Ndikanakonda khonsolo, oyang'anira madzi ndi a zankhalango atakhala pamodzi n'kupatula malo amodzi osakhudza madzi akumwa, okhala ndi nthawi yoikika, chilolezo cholembedwa, bwato loperekeza osambira ndi madzi oyezedwa kawirikawiri.